Ulusi wa Juzi ya Felesiya

Kwa mwana wanga Esinati,

Imirira kaye, upukute m'manja, chifukwa kalata wagwirayi si ya munthu wamba. Akukulembera ndi a Laitoni Muhiwa, amene anafika Sitandade 6 n'kusiya ataona kuti aphunzitsi atopa, mkulu wa amuna onse oluka kuchokera padoko la Kachulu mpaka kumene Likangala amathirira m'nyanja. Ukanena kuti mwamuna woluka kuno ndine ndekha, ndiye kuti wavomereza kuti wondiposa palibe. Tcheyamani wa bungweli ndine, sekilitale ndine, ndipo ndikajomba kumsonkhano ndimadziitanitsa ndekha n'kudzidzudzula kwambiri. Amayi ako ali pompano pakhonde akupeta mpunga. Ati ndilowe msanga m'nkhani, inki isathere pa kudzitama. Ndawauza kuti cholembera n'changa.

Ndikulemba masana ano iwe utapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya. Mawa ukunyamuka kupita ku Dedza kukaphunzira uphunzitsi, ndipo malangizo a za anyamata, za kupemphera ndi za kusayankha akuluakulu wawamva kale kwa amayi ako ndi azakhali ako mpaka makutu kulemera. Ine sindibwereza zimenezo. Yanga nkhani ndi imodzi yokha, ya shawelo yachikasu imene unabisa pansi m'chikwama chako. Inde, chikwamacho ndatsegula. Ukandisumire kumene ukufuna.

Usadzidzimuke, palibe amene wandiuza. Mchemwali wako Felesiya anali ndi juzi imodzi yachikasu, ija ankavala popita kutchalitchi kukazizira. Chaka chino mwera waomba, June wadutsa, July wadutsa, iye akungofunda chitenje n'kumati sakumva kuzizira. Kenako tsiku lina ndikuona iwe uli kuseri kwa nkhokwe, ukuluka ndi ulusi wachikasu wopotanapotana, wosonyezeratu kuti unali m'juzi. Ine juzi ndimaizindikira ngakhale itaphwasulidwa, monga msodzi amazindikira bwato lake ngakhale litagadabuka.

Monga mwamuna, komanso bambo womubereka, sindiyenera kuona kanthu. Kwathu kuno sitigula mbereko mwana asanabadwe, ndipo nkhani ya pakati siyendera pakamwa pa amuna. Ndikakumana naye panjira ndimangomufunsa za mpunga wake. Koma iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti kawiri konse Felesiya wapita kuchipatala ndi beseni n'kubwerako ndi beseni lomwelo. Ulendo uno wavula juzi yake yokhayo n'kupatsa mng'ono wake mwakachetechete kuti aiphwasule. Munthu amene walira kawiri akalimbanso mtima mpaka kuvula juzi nyengo ya mwera, zimenezo si zoseweretsa. Shawelo imeneyo ithe, Esinati, ndipo ifike kuno tsiku lake lisanakwane. Tsikulo sindinauzidwe, koma potengera mmene amayi ako akutsitsira mawu ine ndikatulukira, ndikuona kuti ndi cha ku mvula yoyamba. Usanene kuti kudzakhala kukutentha. Kutenthe kusatenthe, mwana wa kuno amatuluka m'chipatala ali m'shawelo.

Mwina unena kuti, si inu katswiri, bwanji osaimaliza nokha. Dzanja langa ndi la ukonde, ndimakoka zolimba, pamene lako ndi lofewa. Pamene ndingayambire ine pangaoneke ngati malire a minda iwiri, ndipo Felesiya angangoyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti abambo ake agwirapo. Manyazi amenewo sindingamupatse. Amayi ako zala zinawakana kalekale ndi nyamakazi. Watsala ndiwe. Umaluka bwino kuposa ine, koma usakauze anthu. Vuto lako ndi loti umayamba zinthu ngati nkhuku yoikira mazira paliponse. M'nyumba muno watisiyira sokosi yopanda inzake, doilo latheka, ndi juzi ya mwana wa aneba yomwe ili ndi khosi lokha. Ndiye khala pansi umve mmene ine ndinapusira, kuti iwe ukapuse mwa mtundu wina.

Chaka chija nyanja inauma mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ine ndinatsala ndi manja awiri opanda ntchito. Ukonde ndinkausoka ngakhale pamene sipanang'ambike. Amayi ako atatopa ndi kundiona ndikuzungulira pabwalo, anandiponyera masipoko awiri a njinga ndi kampukutu ka ulusi, ati ngati mumadziwa maso a ukonde, awanso ndi maso omwewo. Anzanga a padoko ankabwera kudzandiseka, ati a Muhiwa tikugulireni duku la mtundu wanji. Ndinkangowauza kuti dikirani. Madzi atabwerera, mwera utayamba kuwalowa m'makutu pa zimbowela, tinyumba ta asodzi toyandama panyanja tija, onse aja anabwera mmodzimmodzi, akuyang'ana kumbuyo ngati opita kwa sing'anga, kudzapempha zipewa. Mbiri itamveka, ndinalandira ntchito yanga yoyamba yaikulu: juzi ya a Makawa, mkulu wa mpingo. Ndinapita pamsika wa Songani n'kusankha majuzi awiri a kaunjika, onse a buluu, ofanana ngati mapasa. Ndinawaphwasula, ulusi ndinachapa, ndinayanika, ndinakulunga, kenako mipukutu yonse ndinaiponya m'dengu limodzi. Polukapo ndinkangotola umene dzanja lagwira. Juzi inatuluka yokongola, a Makawa anaivala mpaka kuiwala kupereka moni. Itachapidwa koyamba, ulusi wa juzi imodzi unasuluka, wa inzake unakhala mmene unalili. Mkulu wa mpingo anaimirira kutsogolo Lamulungu ali mizeremizere ngati mbidzi, mkono wina wakuda, wina wotuwa. Ana sanamve ulaliki tsiku limenelo. Choncho imva bwino: ulusi wa juzi imodzi ukhale paokha, usasakanize ndi wina. Ku Dedza udzaona wachikasu m'sitolo, pansi pa getsi udzaoneka ngati womwewo. Si womwewo. Usawonjezerepo wachilendo, ndipo usachotsepo wopangira china. Juzi ya munthu wamkulu imatulutsa shawelo imodzi ndendende, popanda chotsalira khoswe.

Nditayamba kukhala ndi ulusi wambiri, ndinafuna posungira. Ndinatenga thumba limene munali matemba ouma, ndinalikuntha bwinobwino, n'kunena kuti layera. Mphuno ya munthu wa ku Chilwa simva matemba, monga mmene munthu samva fungo la m'nyumba mwake. Ndi ulusi wa m'thumbamo ndinaluka shawelo yoyera ya ubatizo. Tsiku la ubatizolo amphaka a m'mudzi muno anaperekeza mwanayo mpaka pakhomo la tchalitchi, ndipo abusa, amene anali ochokera kumtunda, anamunyamula atatambasula manja ngati akuopa kupsa. Nditaphunzirapo, ulusi ndinausamutsira kuchipinda cha mpunga. Kumenekonso makoswe anandithokoza. Ndinapeza tiana ta khoswe tili phee m'kati mwa ulusi wanga wofiira, uja wofewa kuposa wonse, tabadwira m'chipatala cha pulayiveti. Kuyambira pamenepo ulusi wanga umagona m'ndowa ya chivindikiro. Iwenso ndakupatsa kandowa kanga kakang'ono kobiriwira, ndipo shawelo ndi ulusi wake ndaziika mmenemo. Amayi ako akulongedzera matemba ndi utaka wa kumsika. Zimenezo zikhale kwina, ndowa kwina. Mafuta odzola asayandikire. Ukamaliza kuluka, vindikira. Ngakhale ukungopita panja kukataya madzi, vindikira.

Tsopano nkhani ya a Nasiyaya, imene amayi ako safuna kuti ndizinena pagulu. Ukudziwa mmene ntchito za ana osabadwa zimabwerera kuno. Mzimayi amafika ngati akudzapempha mchere, amanong'onezana ndi amayi ako kukhitchini, akachoka amayi ako amangondiuza kuti lukani shawelo yoyera. Ndikafunsa kuti ndi ya ndani, yankho ndi lakuti ya munthu. Nyengo ina ndinali ndi mashawelo angapo, onse a munthu. Imodzi itatha, amayi ako anali ku Chisi kumaliro, ine n'kuona kuti mutu ndili nawo, ndingathe kupeza mwini wake ndekha. Ndinali nditaona kale kuti a Nasiyaya anenepa, akuyenda mokoka miyendo, chitenje akumangira m'mwamba. Ndinati basi, ndi amenewa. Ndinaipinda bwino, n'kupita nayo masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapeza ali pamkeka ndi amuna awo a Mathiyasi, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene anakhalako zaka. Ine osaganiza kanthu, ndinagwada mwaulemu n'kunena kuti katundu wanu uja watha.

A Mathiyasi anaitambasula pang'onopang'ono, anayang'ana shawelo, anayang'ana akazi awo, kenako ine.

"A Muhiwa, kodi imeneyi anafunda ndani?"

"Sanafunde munthu, ndi yatsopano."

"Nanga adzafunda ndani?"

Pamenepo m'pamene nzeru zinandibwerera, koma zinapeza mwini wake atalankhula kale. A Nasiyaya analibe kanthu m'mimba kupatula mpunga wa ku sikimu, umene unacha bwino chaka chimenecho. Panakhala ankhoswe, panakhala akuluakulu a mpingo, ine ndinafotokoza mpaka malovu kuuma, ndipo mpaka lero a Nasiyaya akandiona amalavulira kumbali. Zimenezo timaseka. Zimene sitiseka ndi zoti mwini wake weniweni, mtsikana wina wa ku sikimu, anachira sabata yomweyo, shawelo yake ili m'manja mwa ankhoswe ngati umboni. Anatuluka m'chipatala mwana atamukulunga m'chitenje chakale. Sanabwere kudzandikalipira. Bola akanabwera.

Amayi ako atabwerera ndi amene anapeza njira imene timatsatira mpaka lero, ngakhale ndikamauza anthu ndimati ndinaipeza ndine. Ntchito iliyonse ili ndi jumbo yakeyake. M'jumbomo mumakhala cholukidwacho, ulusi wake wonse, ndi singano kapena ngowe yake. Pachogwirira timamangapo kansalu kong'ambidwa ku chitenje cha mwini ntchito. Dzina silitchulidwa, sililembedwa paliponse, koma woluka sasokoneza. Pa jumbo ya shawelo yachikasu amayi ako amangapo kansalu ka masamba obiriwira. Ukudziwa mwini wake. Ine ndinayang'ana kumbali pamene ankamanga. Ntchito ina iliyonse imene udzayambe kumeneko, uichitire chimodzimodzi: jumbo yake, kansalu kake. Ndipo anzako a kuhositelo akadzafunsa kuti shawelo ndi ya ndani, uwayankhe ngati amayi ako, kuti ndi ya munthu. Akaganiza kuti ndi yako, asiye aganize, miyezi idzakuyankhira. Koposa zonse usaijambule n'kuiika pa sitetasi. Masiku ano nkhani imafika pa Kachulu minibasi isanadzadze m'depoti. Akazi a kuno akangoona chikasu chimenecho pafoni aizindikira juzi monga ndinaizindikirira ine, ndipo Felesiya adzayenda ndi maso a mudzi wonse pamimba pake. Chinsinsi ndi chake, iwe wangosungitsidwa.

Juzi yanga yabulauni ija, imene mumandiseka kuti mkono umodzi ndimapinda katatu, nayonso ili ndi phunziro lake. Ndinaluka thupi lonse ndi mkono umodzi, wachiwiri uli pakati nyengo yowokera mpunga inafika. Ndinaisiya ndikunena kuti mutu wanga ndi wabwino, ndidzakumbukira pamene ndalekezera. Pakati pamenepo njinga ya aneba inathyoka sipoko, ine mwa chifundo changa chodziwika ndinasolola imodzi pa juzi n'kuwapatsa. Nditabwerera ku ntchitoyo mpunga utakololedwa, mutu wabwino uja unali utakumbukira zina. Ndinatenga sipoko ina yonenepa, n'kumangoluka, ndikudikira kuti mtima undiuze kuti wakwana. Mtima unachedwa. Mkonowo ukhoza kukwana munthu wothyola mango osakwera mumtengo. Ndiye iwe ukamasiya, manga kaulusi ka mtundu wina pa diso limene walekezera, ndipo diso lomalizalo ulikokere kunja likhale lalitali kuti lisasololoke. Ukamawerenga mizere ya maluwa a pa shaweloyo, mzere uliwonse ukatha manga mfundo pa kachingwe kamene ndakuikira m'jumbo, duwa likatha umasule, uyambirenso. Mutu wako ukakhala wodzadza ndi za aphunzitsi, usausenzetsenso za shawelo. Ngowe imene unayambira ndi imene umalizire. Atsikana a kumeneko adzaibwereka kuti alukire meshi m'mutu, ndipo ngowe yopita kutsitsi sibwerera. Uwauze kuti abambo anga anaitemera mankhwala, wobwereka amathothoka tsitsi. Ukandinamizire, ndalola.

Panalinso kachipewa ka mwana wa mphwanga. Ndinalonjeza ali wakhanda, kamutu kali ngati bwemba. Ndinayamba bwino, koma kunabwera wina wofuna madoilo a pampando, ndinati ndiyambe ndathana ndi awa, ndi achangu. Kunabwera wina wofuna masokosi, ndinati awanso ndi achangu. Kachipewa kankangosuntha kupita pansi pa dengu. Tsiku limene ndinakamaliza n'kupita nako, mwanayo anandichingamira yekha akuthamanga, n'kundilandira njinga. Kachipewako kanakhala pamwamba pa mutu ngati chivindikiro cha ketulo. Amake anathokoza mwaulemu, n'kukaveka chipanda. Mwana sadikira woluka, Esinati. Ku Dedza n'kozizira, ndipo akangodziwa kuti umaluka, pakhomo pako padzakhala mzere ngati pachigayo. Uyu chipewa, uyu sikafu, uyu ndi mnzako wa pamtima, uyu ndi wa kwaya. Iwe mtima wako ndikuudziwa, sukana munthu. Ulendo uno ukane. Uwauze kuti kutsogolo kuli munthu, iwo adikire. Tsiku lililonse, usanagwire foni, gwira ngowe. Ngakhale mzere umodzi ndi ulendo. Usadikire Loweruka, chifukwa Loweruka lili ndi zochapa zake.

Pali china chimene ndachimva kudzera pakhoma, poti makoma a nyumba yathu ndi aulemu, amalola mawu kudutsa. Unauza amayi ako kuti nthawi zina ukagwira shawelo ija manja amalemera. Ukuopa kuti mwina kuluka mwana asanabadwe n'kuputa tsoka, ndipo zikavutanso udzakhala ngati ndiwe. Apa ndisiye kaye nthabwala. Ulendo woyamba sitinaluke kanthu. Wachiwiri sitinaluke kanthu, ngakhale kasokosi. Tinatsatira zonse, tinakhala chete monga mwa mwambo, ndipo zinachitika zimene zinachitika. Ulusi supha mwana, ndipo sumupulumutsa. Za moyo zili m'manja mwa Mulungu ndi anamwino, ife sitingalowererepo. Chathu n'chochepa. Felesiya wasankha kuyembekezera zabwino, ndipo wachita zimenezo ndi juzi yake yomwe. Ukaisiya panjira chifukwa cha mantha, ndiye kuti wamuuza kuti iwe sukukhulupirira. Iye sadzakufunsa, ndikumudziwa, anatengera amake kuuma pakamwa. Adzangomayang'ana kumsewu. Ine sindingathe kumuuza mawu ngakhale amodzi pa nkhaniyi, ndine bambo wake. Zonse zimene ndikanamuuza zili m'ndowa imene wanyamulayo. Manja akalemera, luka choncho ali olemera.

Ikatha, uichape ndi madzi ozizira, uiyale pansi pa nsalu kuti iume, osaipachika chifukwa imatalika mbali imodzi. Uikulunge m'jumbo yakuda, uiike pansi pa thumba, pamwamba uthirepo mbatatesi za ku Dedza. Utumize m'dzina la amayi ako. Osati la Felesiya, ndipo makamaka osati langa, mbiri yanga yopereka mashawelo waimva. Pafoni ungonena kuti mbatatesi zanyamuka. Amayi ako adzadziwa chochita ndi za pansi, ine ndidzadziwa chochita ndi za pamwamba.

Tsopano tifike pa za dzulo, chifukwa maso ako akadali otupa. Ukudziwa ndodo yanga yoyezera, ija ili ndi chingwe pakati. Shawelo ikafika theka, ndimapachika cholukidwacho mbali imodzi, mipukutu yotsala mbali inayo. Ndodo ikaima mowongoka ndiye kuti ulusi ukwana. Sabata yatha iwe uli kumjigo ndinayeza yako. Ndi zikhatho inali itafika theka, koma ndodo inapendekera kwa cholukidwa. Ulusi unali utachepa. Ndinasaka m'dengu, ndinasaka kuseri kwa bedi, ndinayamba kukayikira makoswe. Dzulo m'mawa ndikutuluka, ndikuona pampanda payanikidwa chipewa chatsopano, chachikasu, chokhala ndi kampira pamwamba. Osati cha khanda ayi. Cha mutu waukulu ndithu. Mutu umenewo ndikuudziwa, umapalasa kabaza pamsewu wa ku Zomba, dzina lake ndi Gifiti, ndipo ndamva kuti mawa ndi umene ukunyamule ulere. Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa, amapereka moni atatsika panjinga. Koma unatenga ulusi wa mwana wa mchemwali wako n'kuveka munthu amene ali kale ndi tsitsi.

Zotsatira zake waziona. Iwe utapita kukagula sopo, mbuzi ya a Makawa, ija yathako loyera, inabwera ngati yatumidwa. Inaimirira ndi miyendo yakumbuyo, n'kuchikoka chipewacho pampanda. Ndinakuwa, ndinathamanga ndi bondo langa lomweli, koma inayamba kutafuna ikundiyang'ana m'maso ngati ikundifunsa kuti muchita chiyani. Ndinapulumutsa kampira kokha, kamene ndinakupatsa utabwera. Unalira, unaigenda ndi chibuma mpaka inathawira kudambo, ndipo usiku sunadye. Phunziro lake ndi lakuti ulusi wochotsedwa pa ntchito ya wina sufika patali. Tsopano shawelo iperewera pafupifupi chikhatho chimodzi. Usagule wina wowonjezera. Ungochepetsa m'mphepete, Felesiya sadzayeza.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndikumva mawu anu a kwaya akubwera cha kusukulu. Pita bwino, mwana wanga. Ukaphunzire mpaka aphunzitsi atope, koma iwe usakasiye ngati ine. Vindikira ndowa. Ngowe usabwereketse. Ya munthu ndi ya munthu. Mvula yoyamba isakupeze uli pakati.

Ndine bambo wako,
Laitoni Muhiwa, Tcheyamani.

Ndawonjezera izi pansi chifukwa amayi ako andiuza kuti ndiwawerengere kalata yonse, ndipo nditafika pa mbuzi asiya kupeta. Ati kalatayi silowa m'chikwama mpaka ndilembe zoona, apo ayi akuuza okha, ndipo iwo akamanena sakometsa. Chabwino. Mbuzi ya a Makawa ilibe mlandu. Dzulo sinafike n'komwe pampanda, inkangodya zake kuseri. Chipewa ndinachotsa ndine. Ndinadula kampira, chifukwa ulusi wake ndi tizidutswa topanda ntchito, chotsalacho ndinachiphwasula m'nyumba yosambira, ndinachapa, ndinayanika padenga pamene sumayang'ana, ndipo m'mawa uno ndakulunga. Mpukutuwo uli pansi penipeni pa ndowa. Pambali pake, m'jumbo yakeyake, ndakuikira ulusi wanga wabulauni wokwana mutu wa Gifiti ndi makutu omwe, koma jumbo imeneyo ndaimanga mfundo ya asodzi, udzaimasule mbatatesi zikanyamuka. Kundikwiyira ukhoza kundikwiyira mpaka Khirisimasi, ndipirira. Mbuziyo ndikaipepesa ndekha ndi madeya.

Zochepetsa m'mphepete zija uziiwale. Ndayezanso pandodo amayi ako akuona, ndipo yaima mowongoka. Ulusi wa Felesiya wabwerera wonse. Uluke mpaka kumapeto.